Wamkulu wayambanso kufuna bere mng'ono wake atabadwa

Amake Tadala:
Azimayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndachira masiku 12 apitawa, mwana wamwamuna, wachiwiri. Matenda anayamba cha m'ma 2 koloko usiku, pofika 9 m'mawa anali atabadwa, pomwe pa Tadala ndinabuula usiku wonse ndi tsiku lotsatira. Chimene palibe anandiuza n'choti ululu wa m'mimba ukabereka umakula pa mwana wachiwiri. Ndikangomuika kubere, m'mimba munkapotokola ngati matenda ayambiranso, mpaka ndinkaluma nsalu. Anamwino anati ndi chiberekero chikubwerera m'malo mwake, ndipo kuyamwa kwa mwana n'komwe kumachifinya. Zimenezo zinatha tsiku lachinayi.

Vuto langa ndi Tadala. Ali ndi zaka 2 ndi miyezi 5, anasiya kuyamwa kalekale, thewera anali atasiyanso masana. Pano akungodzikodzera paliponse. Dzulo ndikuyamwitsa anabwera n'kukoka kamwendo ka khanda, amvekere, "M'bwezeni kuchipatala." Kenako anandikwera pamiyendo n'kuyamba kutsegula bulauzi, akufuna bere linalo. Ndinamukalipira moti anakabisala kuseri kwa chitseko. Iye akulira, khanda likulira, inenso misozi chuchuchu. Kodi ndimupatse berelo? Kapena ndamuwononga mwana wanga?

Agogo a Mapasa:
Pepani mwanangu, simunawononge munthu. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kunena kuti "mwandiiwala", ndiye amanena ndi mkodzo. Ine ndinalera asanu, ndipo aliyense atapondedwa anabwerera ukhanda pang'ono. Za kukodzazo musamukalipire, pukutani mwakachetechete, zimatha zokha. Chokhacho, musawasiye awiriwo okha ngakhale mukungopita kukatenga madzi. Si nkhanza ayi, sadziwa mphamvu za manja ake.

Amake Yankho:
Wanga anapempha bere chimodzimodzi. Ndinafinyira pang'ono m'kapu n'kumupatsa. Analawa, nkhope n'kuikwinya, osapemphanso. Amangofuna aone ngati mumukaniza. Ndinamupatsanso ntchito: iye ndiye ankabweretsa thewera ndi sopo, ndipo ndinkauza khanda mokweza kuti, "Dikira kaye, ndikumuveka mkulu wako nsapato." Khanda silimva kanthu, koma wamkuluyo ankachita kutukumuka! Mlendo akabwera ndinkamunong'oneza kuti ayambe wapatsa moni wamkulu asanathamangire kukanyamula khanda.

Mzamba Wopuma:
Za Tadala anzangawa anena bwino. Ine ndikufunsa za inuyo amayi. Mukugona maola angati? Khanda la masiku 12 limayamwa ka 8 mpaka 12 pa maola 24, ndiye tulo take n'toduladula, ndipo munthu wosagona sachedwa kupsa mtima. Kulira popanda chifukwa masiku oyamba n'kofala, kumayamba cha pa tsiku lachitatu n'kuchepa pakatha masabata awiri. Kukapitirira apo, kapena mukaona kuti mwana sakukusangalatsani, mukungodziona wolephera, mukawauze achipatala osachita manyazi, ndi matenda ndipo amachizika. Magazi amatha kutuluka mpaka masabata 6, koma akachuluka mwadzidzidzi, akayamba kununkha, kapena thupi likatentha, musadikire tsiku la sikelo. Za mkaka musade nkhawa kuti Tadala akalawa autha, bere limapanga molingana ndi mmene likuyamwidwira. Nanga bambo ake ali kuti pa zonsezi? Kusambitsa wamkulu ndi kumugoneka ikhale ntchito yawo.

Amake Tadala:
Zikomo nonse. Tulo ndiye musafunse, mwina maola atatu. Bambo ake ndawawerengera zimene mwalembazi, angoseka, koma madzulo ano amusambitsa. Za m'kapu ndayesa. Wamwa wonse, n'kundibwezera kapu akuti, "Wina."