Mwana wanga akufuna kukhala loya wa ma patent, ayambire pati?

Abale anga, ndigawireni nzeru. Mwana wanga wamkazi akumaliza kalasi 12 kuno ku Ulónguè, ku Mozambique, ndipo wakakamira zodzakhala loya woteteza luso latsopano la makampani kuti ena asalibe. Chinamukhudza n'chakuti amalume ake anapanga makina otonolera chimanga, owotcherera anzawo n'kutengera, iwo osapezapo kanthu.

Patent, chikalata choteteza luso latsopano, imalembetsedwa ku IPI (ofesi ya boma yoona za ma patent) ku Maputo kapena kudzera ku ARIPO (bungwe la mayiko a mu Africa loona zomwezi) ku Harare, ndipo imateteza zaka 20. Kodi ayambe ndi maphunziro a zamalamulo kapena uinjiniya? Chingelezi n'chofunika bwanji, poti iye waphunzira m'Chipwitikizi? Nanga ntchitoyi imapezeka ku Tete ndi ku Moatize, kapena mpaka Maputo? Fizi ndimalipira ndi ndalama ya kachewere, sindikufuna ipite pachabe.