Ndapeza yankho pa funso langa lija la akatswiri ofukula zakale m'mapaki

Mwezi wathawu ndinafunsa kuti kodi katswiri wofukula zakale wolembedwa ndi boma m'mapaki amagwira ntchito yanji, nanga pamafunika maphunziro otani. Zikomo nonse amene munandithandiza maganizo. Ndacheza ndi mayi wina amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo anditsegula m'maso.

Ine ndinkaganiza kuti tsiku lililonse amakhala ali m'dzenje akukumba. Ayi ndithu. Iwo anati kukumba kumabwera pomalizira, chifukwa malo ukawafukula sungawabwezeretsenso mwakale. Ntchito yaikulu ndi kuyendera malo pamene akufuna kulambula msewu kapena kumanga nyumba ya alendo m'paki. Amayenda pang'onopang'ono, maso ali pansi, kufunafuna phale la mbiya, mwala wosemedwa kapena makala akale. Akapeza kanthu amalemba malo ake ndi GPS (kachipangizo kosonyeza malo enieni pamapu), kenako lipoti lonena ngati msewu upitirire kapena upatuke. Anandionetsa kaphale kochepa ngati chikhadabo, kali m'kathumba kolembedwa nambala ndi kuya kwa pomwe kanapezeka. Makala amapita ku labotale, komwe njira ya carbon-14 imadziwitsa zaka zake mpaka pafupifupi 50,000. Akatswiriwa amatetezanso malowa kwa akuba, komanso amakhala pansi ndi anthu amene makolo awo anagona kumeneko. Ichi chinandikhudza mtima kwambiri.

Pa maphunziro, poyambira ndi digiri ya archaeology (maphunziro ofukula zakale) kapena anthropology (maphunziro a anthu ndi chikhalidwe chawo), ndi luso lophunzirira pamalo ofukula penipeni. Wotsogolera gulu kawirikawiri amafunika digiri yachiwiri. Ine ndayamba kale kuphunzira kujambula mapu ndi GIS, njira yopangira mapu pa kompyuta.