Kodi n'koyenera kulipira plugin yochepetsa kulemera kwa zithunzi?

aNabanda: Moni nonse. Ndikupempha maganizo anu ndisanatulutse ndalama. Ndakonza webusaiti ya malo ogona alendo ku Cape Maclear pa WordPress, pulogalamu yokonzera mawebusaiti, ndipo eni malowo anaumirira kuti kumbuyo kwa mawu a tsamba loyamba kukhale chithunzi cha dzuwa likulowa pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Chithunzicho n'chokongola zedi, koma chikulemera 6 MB, ndipo ndinachiika ndekha mu CSS ya theme, fayilo ya malamulo a maonekedwe a webusaitiyo. Ndikatsegula tsambalo pafoni, mawu amafika msanga koma kumbuyo kumakhala koyera kwa masekondi angapo. Ndikuganiza zolipira mwezi ndi mwezi ShortPixel kapena Imagify, ma plugin (timapulogalamu towonjezera pa WordPress) ochepetsa kulemera kwa zithunzi. Kodi ndalamayo ipita pabwino?

aPhiri: Achemwali, pa chithunzi chimodzi musalipire kalikonse. Tsegulani Squoosh, chida chaulere cha Google chomwe chimagwira ntchito mu browser momwemo, muchepetse m'lifupi mwa chithunzicho kufika mapikiselo 1920, kenako muchisinthe chikhale WebP, mtundu wopepuka wa fayilo ya chithunzi, pa quality ya 75 kapena 80. Zithunzi za thambo ndi madzi zimapepuka kwambiri chifukwa mulibe tinthu tambiri tosiyanasiyana, ndipo ine zoterezi zimandithera pakati pa 200 ndi 300 KB. Ntchito yonseyi siposa mphindi 10. Nkhawa yakale yoti mafoni a iPhone satsegula WebP inatha pamene Safari 14 inatuluka mu 2020.

aNgozo: Ine ndikusiyana nanu pang'ono, aPhiri. Inuyo mukuwerengera chithunzi cha lero, koma webusaiti ya malo ogona siikhala chete. Mawa eni ake adzaika zithunzi za zipinda, za chakudya, za bwato, ndipo adzaziika monga zatulukira mu kamera, chifukwa palibe kasitomala amene amakumbukira zochepetsa chithunzi ngakhale mutamuphunzitsa katatu. Ndimayang'anira webusaiti ya sitolo ina ya zovala ku Lilongwe yomwe imaika zithunzi zatsopano sabata iliyonse, ndipo plugin yolipira ndi imene inandipumitsa. Nthawi yanga nayo ili ndi mtengo.

aPhiri: Pa sitolo ndikuvomereza. Koma kumbukirani kuti kuyambira WordPress 5.3 chithunzi chachikulu chikaikidwa kudzera mu Media Library chimachepetsedwa chokha kufika mapikiselo 2560, ndipo TinyPNG, chida china chochepetsa kulemera kwa zithunzi, imalola zithunzi 500 pamwezi kwaulere kudzera mu API yake, njira yoilumikizira ndi webusaiti. Malo ogona a m'mbali mwa nyanja sadzafika pamenepo. Palinso nkhani ya malipiro: ma plugin awa amalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo womwe munauza kasitomala mu kwacha umakhala pomwepo, pamene bilu yanu yakwera.

aNachisale: Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti nonse awiri mukukambirana za kulemera kokha, pamene vuto la aNabanda lili ndi mbali yachiwiri imene plugin siingathetse yokha. Chithunzi choikidwa ndi background-image, lamulo la CSS loika chithunzi kumbuyo, browser imachidziwa mochedwa. Imayamba yawerenga HTML, kenako ikoke fayilo ya CSS, iyiwerenge, ione kuti lamulolo likugwiradi ntchito patsambalo, ndipo apo m'pamene imayamba kukoka chithunzi. Pa netiweki yabwino kuchedwako sikuoneka, koma kwa munthu amene ali pa 3G ndiye kuyera kuja kumene mwafotokoza. Ngati chithunzicho ndicho chinthu chachikulu pamwamba pa tsamba, PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, imachiwerengera pa LCP, nthawi imene chinthu chachikulucho chimatenga kuti chioneke, yomwe Google imati ndi yabwino ikakhala masekondi 2.5 kapena kuchepera.

Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kuika link ya preload kumutu kwa HTML kuti browser iyambe kukoka chithunzicho isanafike ku CSS. Kapena, ndipo iyi ndiyo ndimaikonda ine, muchotse chithunzicho mu CSS, muchiike mu HTML ngati img wamba (tag ya chithunzi) yokhala ndi object-fit: cover, mawu akhale pamwamba pake. Mukatero mupeza mwayi wa srcset, kotero kuti foni ilandira chithunzi cha mapikiselo 800 m'malo mwa 1920, ndipo mlendo wa konkuno amene amasamala bandulo yake sawonongeredwa data pachabe. Chenjezo langa n'lakuti chithunzi chapamwamba chimenechi musachiike pa lazy loading, njira yodikiritsa kukoka chithunzi mpaka chitafunika, chifukwa mukatero mukuchichedwetsa ndi manja anu.

Musanagule, funsaninso mmene plugin imaperekera WebP. Ikamagwiritsa ntchito njira yosintha img kukhala picture (tag ya HTML yolola browser kusankha mtundu wa fayilo), chithunzi chomwe chili mu CSS sichikhudzidwa n'komwe, ndipo mungalipire chaka chathunthu tsamba loyamba likutumizabe JPEG yakale ija.

aNgozo: Mfundo yomalizayo ndi yoona, amayi, ngakhale ena mwa ma plugin amenewa ali ndi njira ya pa seva kapena ya CDN (maseva ena otumiza mafayilo m'malo mwa seva yanu) yomwe imafikira zithunzi za mu CSS. Ndikhalabe pa mawu anga akuti kulipira kuli ndi malo ake, koma ndikuvomereza kuti aNabanda ayambe akonza chithunzi chimodzichi pamanja.

aNabanda: Zikomo kwambiri nonse. Ndachita zimene aPhiri ndi aNachisale anena. Chithunzi cha pakompyuta chatsika kufika 240 KB, cha pafoni 70 KB, ndipo ndachichotsa mu CSS. Kuyera kuja kwatha. Chokhacho, mitundu ya thambo pomwe kufiira kukusanduka buluu inayamba kuoneka mizeremizere pa quality ya 75, choncho ndakweza kufika 82 ndipo yasalala. Plugin sindigula pakadali pano. Ndagwirizana ndi eni malo kuti zithunzi zatsopano azinditumizira ine kwa miyezi 3, tione kuchuluka kwake, ndipo zikadzachuluka mtengo wa plugin udzalowa mu mgwirizano wathu mu madola. ANachisale, kodi ndiyesenso AVIF, mtundu wina wopepuka wa fayilo ya chithunzi, pa thambolo, popeza WordPress 6.5 inayamba kuilandira?

aNachisale: Yesani, achemwali, pa Squoosh pomwepo, ndipo muyerekeze ziwirizo pafoni yanu osati pakompyuta pokha. Mukaikonda, muiike mu picture pamodzi ndi WebP ija kuti mafoni akale asakhale opanda chithunzi.