Ana akuwerenga sewero ngati nthano: ndithandizeni

Mphunzitsi wa ku Ulónguè
Aphunzitsi anzanga, ndathedwa nzeru ndipo mayeso ayandikira. Ndikuphunzitsa texto dramático, kutanthauza sewero lolembedwa, ku kalasi 10, koma ana akuwerenga sewero ngati nthano. Ma didascália (malangizo a wolemba a zochita pabwalo) amawadumpha, amathamangira ma fala (mawu olankhula a osewera), ndipo ndikawafunsa kuti conflito (mkangano wa m'sewero) ili pati amangondifotokozera zonse zimene zachitika kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Ndinawasankhira Auto da Barca do Inferno ya Gil Vicente, ya mu 1517, poti kamangidwe kake nkosavuta: wakufa aliyense amafika padoko pamene pali bwato la ku gehena ndi la kumwamba, amatsutsana ndi Mdyerekezi, ambiri ndi Mngelo yemwe, kenaka amaweruzidwa. Koma Chipwitikizi chamakedzanacho chawatseka pakamwa. Kodi ndimasulire zonse m'Chichewa?

Mtsogoleri wa gulu la zisudzo ku Moatize
Aphunzitsi, vuto lanu ndi mipando. Sewero silinalembedwe kuti liziwerengedwa munthu ali chikhalire. Aimiritseni anawo, aliyense atenge gawo lake, ndipo tanthauzo lidzabwera lokha.

Mphunzitsi wa ku Furancungo
Abambo a ku Ulónguè, musamasulire zonse, chifukwa mukatero ana adzaloweza kumasulira kwanu, ndipo pamayeso adzakumana ndi Chipwitikizi chimene sanachigwirepo. Ine ndimadula sewero pamene munthu walowa kapena watuluka, poti pamenepo ndi pomwe cena (kagawo ka sewero) imasinthira, kenaka pa chidutswa chilichonse ndimafunsa m'Chichewa kuti munthuyu akufuna chiyani ndipo akumutsekereza ndani. Yankho liyenera kukhala chochita, monga "akufuna kukakamiza Mngelo kuti amukweze m'bwato", osati "ndi wonyada". Ma didascália ndiye musawasiye m'manja mwa ana okha. M'sewero lomweli Fidalgo, bwana wa banja laulemu, amalowa ndi mnyamata womunyamulira mpando, ndipo Sapateiro, wosoka nsapato, amabwera atasenza zikombole za nsapato. Katundu ameneyu ndiye mlandu wawo, choncho mwana amene walumpha mizere imeneyi sangamve chifukwa chimene Mngelo akuwakanira.

Mtsogoleri wa gulu la zisudzo ku Moatize
Mayi, zonse mwanenazi mwana angazione yekha mutamusenzetsa mpandowo. Ndikubwerezanso kuti aime.

Mphunzitsi wa ku Dómuè
Achimwene a ku Moatize, kuimiritsa ana asanamve nkhani kuli ndi ngozi yake. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo, ana anachita sewero lomweli pamaso pa makolo, analoweza bwino, anthu anaseka mpaka misozi, koma nditafunsa mnyamata amene anali Parvo, chitsiru cha m'seweroli, chifukwa chimene Mngelo anamulonjezera malo, iye anati nchifukwa choti amaseketsa. Sanadziwe kuti Parvo analakwa popanda njiru, pamene mfundo imeneyi ndiyo ikusiyanitsa iye ndi anzake onse aja. Ndikuchenjezeninso kuti musayambe ndi kufunsa phunziro la sewero, chifukwa ana athu anazolowera kuti nthano imatha ndi mwambi, ndiye amangoyankha kuti tisamachite zoipa, osatsegula nkomwe buku.

Mphunzitsi wa ku Tsangano
Ngati mufika poti achite sewerolo, samalani ndi zovala za Mdyerekezi. Kwathu mwana wina anafuna kubwereka chigoba cha gule wamkulu, ndipo nkhaniyo inafika kwa amfumu tisanayambe ndi kuyeserera komwe. Gule ndi mwambo wa kudambwe, umene UNESCO inauzindikira mu 2005, ndipo kuuphatikiza ndi Mdyerekezi nkunyoza makolo a ana omwewo. Nsalu yofiira ndi makala kumaso nzokwanira.

Mtsogoleri wa gulu la zisudzo ku Moatize
Za gulezo ndikuvomereza. Koma Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, ankakweza ngakhale oonerera pabwalo kuti asinthe zochitika, ndipo a Mutumbela Gogo, gulu la zisudzo la ku Maputo, kuyambira 1986, mbiri yawo anaipanga pabwalo, osati pa bolodi. Mwana amamva fala akailankhula kwa mnzake amene akumukana maso ndi maso.

Mphunzitsi wa ku Furancungo
Palibe amene akukana bwalo, achimwene. Koma a Mutumbela Gogo salemba mayeso a Chipwitikizi, pamene ana athuwa adzafunsidwa papepala kusiyanitsa acto (gawo lalikulu la sewero) ndi cena, ndiponso monólogo (wosewera kulankhula yekha) ndi aparte (kulankhulira pambali kuti amve oonerera okha).

Mphunzitsi wa ku Ulónguè
Mayi a ku Furancungo, m'kalasi mwanga ana ndi ochuluka ndipo mabuku ndi ochepa kwambiri. Kodi zidutswa zimenezi mumazilemba pa bolodi, kapena gulu lililonse limakopera cena yake m'kope?