Alamu ya kernel pa VM imodzi, ndizimitse kapena ndidikire?

shifiti_yausiku: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Security Command Center, chida cha chitetezo cha Google Cloud, yangondiponyera "Unexpected system call handler" pa VM (virtual machine) imodzi ya Ubuntu mu managed instance group yathu (gulu la ma VM ofanana), zinzake zisanu zili bhobho. Ndalowa ndi SSH, lsmod (yoonetsa ma module amene alowa mu kernel, mtima wa Linux) palibe chachilendo, ps (yoonetsa mapulogalamu amene akuyenda) nayo ili phee, CPU pansi. Abwana akuti ingopanga restart tikagone koma ine mtima ukukana. Ndipange bwanji?

linux_wakale: Restart ayi amwene, chonde dzanja lichoke pamenepo. Umboni wonse uli mu memory, mukazimitsa wapita ndipo mawa mudzasowa chouza anthu. Komanso lsmod ndi ps musazikhulupirire, zonsezo zimafunsa kernel yomweyo imene akuti yagwiridwayo, ndiye kuli ngati kufunsa wakuba ngati waba. Alamuyo yachokera ku VM Threat Detection, imeneyo imasuzumira memory kuchokera pa hypervisor, kunja kwa makina, rootkit (pulogalamu ya akuba yobisala m'makina) singaiphimbe m'maso ngati mmene imaphimbira ps.

devops_chabe: Kodi si Livepatch imeneyo, ija imakonza kernel popanda reboot? ife inatidzutsapo usiku ndi alamu ya kernel, kumapeto kunapezeka kuti ndi patch basi kkkk

mayi_forensics: Funso labwino koma onani dzina la alamuyo. Livepatch imadutsira pa ftrace, ikanakhala iyo tikanayembekeza kumva za ftrace handler. Apa akuti system call handler, ndiye kuti pa tebulo la ma syscall (njira zimene mapulogalamu amapemphera ntchito ku kernel) pali adiresi imene ikuloza kunja kwa malo amene kernel imayenera kukhala. Achimwene a shifiti, tatiuzeni `cat /proc/sys/kernel/tainted` ikutulutsa nambala yanji (imasonyeza ngati mu kernel munalowa zachilendo), ndipo mu /sys/kernel/livepatch muli kanthu?

shifiti_yausiku: Mu livepatch mulibe kanthu mayi. Tainted ikuti 12288. Pa zinzake zisanu zija ndi 0.

mayi_forensics: Eya, pamenepo. 12288 ndi 4096 kuphatikiza 8192. Ya 4096 ikunena kuti panalowa module yochokera kunja kwa kernel tree, ya 8192 ikuti module yake inalibe siginecha. Livepatch ikanaika 32768, palibe. Ndiye module inalowa, lsmod sikuiona, makina ofanana nawo ochokera pa image imodzi ali pa 0. Pokhapokha mutandiuza kuti pa makina awa okha munaikapo driver ya GPU kapena agent wa chitetezo wokhala ndi module yakeyake, ine ndikuitenga ngati yeniyeni.

shifiti_yausiku: Palibe chimene tinaika, zonse zimachokera pa template imodzi

linux_wakale: Ndiye choyamba ichotseni mu gulumo ndi abandon-instances musanakhudze firewall. Ndikunena izi chifukwa ndinapsapo nazo kumene ndinkagwira kale, ndinatseka netiweki bwinobwino ndikudziona katswiri, health check inalephera, autohealing n'kuona ngati makina afa, n'kuwagwetsa n'kumanga ena atsopano ine ndikuyang'ana. Memory, disk, zonse zii. Ndinalemba lipoti lopanda kanthu tsiku limenelo, mpaka pano ndikakumbuka manyazi amandigwira. Mukaichotsa mu gulu, iikeni tag yakeyake, deny zonse zolowa ndi zotuluka, musiye kanjira kamodzi ka inu nokha kolowera ndi kotulutsira mafayilo.

cloud_iam: Ndiwonjezereko za service account (account imene VM imagwiritsa ntchito pa Google Cloud), anthu amaiwala apa. Amene ali ndi root pa VM amangofunsa metadata server pa 169.254.169.254 n'kulandira token, ndipo token imeneyo imatha kugwira ntchito mpaka ola lathunthu ngakhale ataitengera kwina. Kuchotsa service account pa VM kumafuna kuti makina aime kaye, zomwe sitikufuna pano, ndiye ichotsereni ma role ku IAM kapena ipangeni disable. Koma onetsetsani kaye ngati zinzake zisanu zija zikugwiritsa ntchito account yomweyo, mungagwetse production yonse ndi dzanja lanu. Kenako Cloud Audit Logs, muone account imeneyo yakhala ikuchita chani komanso kuchokera pa IP iti.

shifiti_yausiku: Account ndi imodzi zoona, ndachotsa ma role olembera okha kaye. Memory nditenge ndi chani, LiME?

mayi_forensics: Ine ndikanayamba ndi AVML ya Microsoft, ndi binary imodzi, simufunika kupanga compile chilichonse pa makina odwalawo, imawerenga kudzera /proc/kcore. LiME nayo ndi module, iyenera kumangidwira kernel yeniyeniyo ndipo mukhala mukuthira module ina m'kernel imene mukufuna kuifufuza. Fayiloyo ilembeni pa disk ina yatsopano imene mwalumikiza, osati pa boot disk, mungafufute zimene wakubayo anadilita. Mukatha sha256sum, lembani nthawi, kenako snapshot ya disk. Kufufuza kukachitikire pa makina ena oyera ndi Volatility 3, linux.check_syscall ndi linux.check_modules. Chimene chidzakudyereni nthawi ndi ma symbol, afunika a kernel version yomweyo ndendende, tengani `uname -r` pompano, pezani dbgsym yake mupange ndi dwarf2json.

devops_chabe: Bwanji osangoyesa kill -63 0, ngati ndi rootkit ya Diamorphine idzionetsa yokha mu lsmod

mayi_forensics: Memory isanatengedwe ayi. Mukusintha zinthu zimene tikufuna kuzijambula mmene zilili, komanso manambala ngati 63 ameneyo aliyense amatha kuwasintha asanapange compile, ikapanda kuoneka mudzanena kuti kulibe?

shifiti_yausiku: Ndabwerako akuluakulu, sindinagone. check_syscall yaonetsa kill, getdents ndi getdents64 zikuloza kwachilendo, check_modules yapeza module imene ili mu sysfs koma pa mndandanda wa ma module inadzichotsa. Polowera papezekanso, pali container ina imene mnzathu anaisiya ikuyenda ndi --privileged "mongoyesera", app yake inali ndi bowo, ndiye munthu anangokweza module kuchokera m'menemo.

linux_wakale: Mmm privileged, ndiye kuti CAP_SYS_MODULE, mphamvu yokweza module mu kernel, anampatsa m'manja. Makina amenewo musawatsuke ndi rmmod n'kuwabweza pa ntchito, simukudziwa china chimene anasiya. Mangani atsopano pa image yoyera, sinthani ma key a SSH ndi ma secret onse amene anali pamenepo. Pa template yatsopano yatsani Secure Boot ya Shielded VM kuti module yopanda siginecha izikanidwa, ndipo ngati ma module anu onse amalowa pa boot mutha kuika kernel.modules_disabled=1 kumapeto, kungoti ikafika pa 1 sibwerera mpaka reboot.

mayi_forensics: Dziwaninso kuti Secure Boot pa Ubuntu imabwera ndi lockdown, ndiye AVML ija ulendo wina ikhoza kukukanani. Yesani pa makina oyesera musanafalitse. Nanga container ija ili pa zinzake zisanu zija?

shifiti_yausiku: Ili pa ziwiri. Tainted ikadali 0 koma ndazichotsa kale mu gulu, ndikutenga memory ya yoyamba pano.