Mayi wa pachithunzichi ndani, nanga akulira kapena akupemphera?

Wofunsa, Chilomoni: Pamphakati pathu pali chithunzi cha mayi wa tsitsi lomasuka, maso ali kumwamba, dzanja lili pa chibade cha munthu, pambali pali kansupa. Ena akuti ndi Amayi Maria ali pachisoni. Zoona?

Katekisti, Limbe: Ayi mayi, ameneyo ndi Maria wa ku Magadala. Musayambire pankhope, yambani ndi zimene zamuzungulira. Kansupako ndi ka mafuta onunkhira amene anapita nawo kumanda, chibadecho chikukumbutsa imfa ndi kulapa. Amayi Maria a Chisoni amakhala ofunda kumutu, lupanga litawalasa pamtima, nthawi zina malupanga 7, kuchokera pa mawu a Simeoni pa Luka 2:35. Mukaona nyenyezi 12 kumutu ndi mwezi kumapazi, amenewonso ndi Amayi Maria, pitani pa Chivumbulutso 12:1.

Koma chenjerani pophunzitsa ana. Ojambula ankamuonetsa Maria wa ku Magadala ngati mkazi wachiwerewere wolapa chifukwa Papa Gregory mu 591 anamuphatikiza ndi mkazi wochimwa wa pa Luka 7. Malembo sanena zimenezo. Luka 8:2 amangoti anatulutsidwa ziwanda 7. Mu 2016 Papa Francis anakweza tsiku lake, 22 July, kukhala chikondwerero.

Wojambula, Ndirande: Za kulira kapena kupemphera, phimbani pakamwa ndi chikhatho muone maso okha, kenako phimbani maso muone pakamwa. Nsidze zokwera chapakati ndi milomo yotsikira m'mbali, ndi chisoni chimenecho. Maso akumwamba, milomo yotseguka pang'ono, kuwala kukugwa pachipumi kuchokera pamwamba, ameneyo akupemphera, ngakhale msozi ukhale patsaya. Manja nawo amalankhula: zala zolukana mothina ndi kuwawidwa mtima, dzanja logonekedwa pachifuwa ndi kudzipereka.

Mtundu wa chovala musaudalire kwambiri. Zithunzi zosindikiza zikakhalitsa padzuwa, utoto wofiira ndi wachikasu umafwifwa msanga, n'kutsala wabuluu. Chovala chofiira cha wa ku Magadala chimasanduka chotuwa, nkhope n'kumaoneka ngati ya wodwala, anthu n'kumati ndi Amayi Maria. Tsegulani felemu muone m'mphepete mwa pepala momwe dzuwa silinafike, mtundu weniweni uli pamenepo.

Wofunsa: Zikomo abambo nonse. M'mphepetemo ndi mofiiradi. Ndiye tichichotse?

Katekisti: Chisiyeni, nayenso ndi woyera. Ingochisunthani pakhoma losayang'anizana ndi windo, mulembe dzina lake pansi. Pa mapemphero a korona mu October mupezere china cha Amayi Maria.