Thandizeni abale: pulogalamu ya Java ikugwa pa kompyuta yakale ku Ulónguè

Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndine wa ku Ulónguè, ku Angónia. Ndalembera malume anga kapulogalamu ka Java kolembamo matumba a feteleza ndi mbewu ya mbatatesi zomwe alimi amatenga pangongole kusitolo kwawo. Pa laputopu yanga ndili ndi JDK 17, chida chopangira mapulogalamu a Java, ndipo zimayenda bwinobwino. Koma kompyuta ya kusitolo ndi ya Windows 7 ndipo muli Java 8. Malume sangalole kuti ndiikhudze, poti pulogalamu yawo ya malisiti imadalira Java yomweyo ndipo amene adaiika adasamuka kalekale.

Poyamba inkakana kutseguka, inkalemba UnsupportedClassVersionError, akuti class file ndi 61.0 pomwe iyo imamva mpaka 52.0 basi. Ndinaika source 8 ndi target 8 mu Maven, chida chomwe ndimamangira pulogalamuyi. Tsopano zenera likutseguka, koma ndikangodina batani losunga imagwa ndi NoSuchMethodError pa List.of. Zikutheka bwanji poti ndaiuza kale kuti ipange za Java 8? Kodi ndiike JDK 8 pa laputopu? Bandulo yanga ndi yochepa, sindikufuna kuiwononga pachabe.

Yankho lochokera ku Moatize:
Achimwene, bandulo isungeni. Source ndi target zimangoyang'ana kalembedwe ka code ndi nambala ija ya 52, koma compiler ikuwerengabe laibulale ya 17. List.of idabwera ndi Java 9, ndiye kwa inu ilipo, kwa malume kulibe. Chotsani ziwirizo, muike maven.compiler.release kukhala 8, kapena javac --release 8 ngati mukulemba pamanja. Njira imeneyi idayamba ndi JDK 9, ndipo compiler ikukanirani pompo chilichonse chomwe Java 8 sichidziwa, monga Map.of kapena isBlank ya Java 11. M'malo mwa List.of ikani Arrays.asList, kungoti iyo imalola null komanso kusintha zinthu zili m'katimo. Ngati simukufuna kuti zizisinthidwa ikulungeni ndi Collections.unmodifiableList.

Choopsa kwambiri ndi chakuti ngakhale code yomwe ndi ya Java 8 yeniyeni imatha kugwa ndi target yokha. ByteBuffer.flip idasinthidwa mu Java 9, moti mzere womwewo ukapangidwa pa JDK yatsopano umaitana method yomwe mu 8 mulibe. Zimenezi simungazione ndi maso.

Yankho lina:
Zoona zimenezo akulu. Koma onaninso ma jar, mafayilo a laibulale za anthu ena, amene mwaika mu pom, fayilo ya Maven. Release imagwira pa code yanu yokha. Laibulale ikakhala kuti idapangidwira Java 11, uthenga wa class version uja ubweranso, ulendo uno ndi 55. Zenera lanu ndi la Swing kapena JavaFX? Ngati ndi JavaFX ya OpenJFX 17, imeneyo pa Java 8 siyenda.

Wofunsa:
Ndi Swing, bambo. Ndaika release 8 ndipo compiler yatulutsa mizere yofiira pa List.of ndi pa isBlank, yomwe sindinkaiganizira n'komwe. Ndakonza. Loweruka ndikupita ndi flash kusitolo kukayesa. Nanga jar ya munthu wina ndingaidziwe bwanji kuti ndi ya Java iti?

Wa ku Moatize uja:
Itseguleni ngati zip, mutenge class imodzi, mulembe javap -v, muyang'ane mzere wa major version. Ikapitirira 52, funani version yakale ya laibulaleyo musananyamuke.